Manegetivu a mu sutikesi: yambani ndi contact sheet musanasikane chithunzi chimodzichimodzi

Abale anga ojambula, ndi inu amene munasiyiridwa katundu wa bambo kapena malume omwe ankazungulira m'maukwati ndi kamera pa njinga, nkhani iyi ndi yanu. Manegetivu aja amene mumawapeza mu envelopu kuseri kwa zithunzi zotsukitsa, ambiri timawaona ngati zinyalala koma chithunzi chenicheni ndi chimenecho, pepala lija ndi kope chabe. Ndiye munthu akapeza sikana amayamba ndi changu, kusikana chithunzi chilichonse pa 3200 dpi (dpi ndi kuchuluka kwa timadontho timene sikana imatola pa inchi imodzi), filimu imodzi ya zithunzi 36 kumudyera madzulo onse, pofika filimu yachisanu watopa wabweza zonse mu sutikesi. Ine ndikuti ayi, yambani ndi contact sheet.

Contact sheet ndi tsamba limodzi loonetsa zithunzi zonse za filimu imodzi, tating'onoting'ono, mondondozana mmene zinajambulidwira. Kale ankapanga mu chipinda cha mdima, kuyala manegetivu pa pepala la zithunzi la mainchesi 8 kwa 10, kupsinja ndi galasi, kuwalitsa kamphindi kenako kutsuka. Lero ntchito yomweyo ikutheka ndi sikana ndi kompyuta popanda mankhwala.

Koma si sikana iliyonse. Ija ya mu ofesi yosikanira makalata siingathandize chifukwa imawalitsa kuchokera pansi pokha, pomwe negetivu imafuna kuwala kudutse mkati mwake. Mufune yokhala ndi nyali ku chivundikiro. Epson V700, V750, V800 ndi V850 zimawalitsa malo aakulu pafupifupi mainchesi 8 kwa 10 ndiye filimu yonse imalowa kamodzi kapena kawiri. Epson V600 nyali yake ndi yopapatiza, imatenga tizidutswa ta filimu tiwiri basi pa ulendo umodzi, imagwira ndithu koma muzilumikiza pa kompyuta pambuyo pake. Ndipo musaiwale kuchotsa chophimba choyera chija cha ku chivundikiro, anthu ambiri amadandaula kuti sikana yafa pomwe nyali yangophimbika.

Musanayale kanthu sambani m'manja muumitse bwino. Negetivu igwireni m'mphepete mokha, mmene muli timabowo, chala chikadinda pakati chidindo chimenecho chimatha kukhala mpaka kale. Fumbi lichotseni ndi kampira kopemerera kaja kotsukira makamera, osati kupemerera ndi pakamwa chifukwa malovu amagwerapo, osatinso kupukuta ndi malaya. Galasi la sikana lokha ndi lomwe mupukute ndi kansalu kofewa. Mukapendeketsa negetivu pa kuwala muona kuti mbali imodzi ndi yonyezimira ina ndi yosanyezimira, yosanyezimirayo ndi kumene kuli chithunzi ndipo siichedwa kukalika.

Kuyala kwake ndi kumene kumafuna mtima. Chithunzi chimodzi cha filimu ya 35mm ndi mamilimita 24 kwa 36, ndipo filimu ya 36 nthawi zambiri imadulidwa tizidutswa 6 ta zithunzi 6, ngakhale malo ambiri otsukira ankadula zinayizinayi kuti zikwane mu envelopu. Tizidutswa 6 mukatiyala mogundizana timafika mamilimita 210 pomwe mainchesi 8 ndi mamilimita 203, ndiye kamodzi kamasefukira pang'ono, musalimbane nazo, sikanani kawiri, titatu titatu. Tsatani manambala a m'mphepete, 1, 1A, 2, 2A, kuti dongosolo lisasokonekere. Kumtunda kwa galasi kuli kampata kamene sikana imayezerapo kuwala kwake isanayambe, pamenepo pasakhale chilichonse, mukaphimbapo mitundu imatuluka yachilendo kapena mizere kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati manegetivu ali kale m'mapepala a pulasitiki oonekera bwino, ngati a Print File, ikani tsamba lonse momwemo osatulutsa, zimachepetsa kuwagwiragwira. Opindika apsinjeni ndi galasi loyera. Mukaona timizere tozungulira ta mitundu ya utawaleza pa chithunzi, zimabwera chifukwa mbali yonyezimira yakhudzana ndi galasi, tembenuzani negetivu kuti yosanyezimira ikhale pansi kenako mudzaitembenuze pa kompyuta, mudzadziwa kuti yakhala bwino mawu a m'mphepete aja a Kodak kapena Fuji akamawerengeka molunjika.

Pa pulogalamu, kaya ndi Epson Scan kaya VueScan, zimitsani zonse zodzichitira zokha. Thumbnail izime chifukwa imadula chithunzi chilichonse pachokha ndi kutaya m'mphepete, pomwe ife tikufuna m'mphepetemo, ndi mmene muli nambala ndi dzina la filimu. Kukonza kuwala kwa chithunzi chimodzichimodzi nakonso kuzime. Apa ndilimbikire pang'ono chifukwa ndi pamene pagona phindu lonse. Filimu yonse ikalandira kuwala kofanana, chithunzi chimene chinajambulidwa mu mdima chimaoneka chakuda, chimene chinapsa ndi dzuwa chimaoneka choyera, ndiye mukungoyang'ana tsamba mukudziwa kale kuti nambala 14 ndi 22 ndi zabwino, 9 ndi yogwedera musataye nayo nthawi. Kompyuta ikazikongoletsa zonse imakunamizani. Digital ICE, yofufuta yokha fumbi ndi mikalo pa chithunzi, nayonso izime, imachedwetsa ndipo pa filimu wamba ya black and white siigwira, imawononga chithunzi. Pa dpi ikani 600, chithunzi chilichonse chimatuluka mapikiselo pafupifupi 850 m'litali, okwanira kuona nkhope ndi kudziwa ngati munthu anaphethira.

Filimu ya black and white ndi yosavuta, mungotembenuza chakuda chikhale choyera mu pulogalamu yokonzera zithunzi ngati Photoshop kapena GIMP yomwe ndi yaulere. Ya mitundu ili ndi kufiirira ngati lalanje thupi lonse, mukangotembenuza basi zonse zimatuluka zabuluu, ndiye uzani pulogalamu ya sikana kuti ndi color negative izichotsera yokha. Amene muli ndi V600 kapena munasikana kale zithunzi zosiyanasiyana, Photoshop ili ndi Contact Sheet II pansi pa File kenako Automate, IrfanView nayonso imayala tsamba lotere.

Ine nditapanga za malemu malume anga ndinapeza chinthu chimene sindinkayembekezera. Pa khoma kwathu panali chithunzi chimodzi cha ukwati wa azakhali, onse ataima mowongoka kutsogolo kwa tchalitchi. Pa contact sheet panatuluka zithunzi zinayi zoyandikana nacho zimene sizinatsukidwe nkomwe, china agogo akumanga duku uku akuseka ndi munthu amene sakuoneka, china ana atakhala pa mphasa ndi mbale za mpunga. Agogowo tinalibe chithunzi chawo chilichonse akuseka. Pa negetivu yofiirira ija ndi maso okha sindikanawazindikira.

Mukamaliza filimu ipatseni nambala, mwachitsanzo 1994-007 ngati chaka mukuchidziwa, nambala yomweyo ikhale dzina la fayilo ndiponso ilembedwe pa envelopu kapena tsamba losungiramo manegetivuwo, lembani ndi pensulo musanawabwezeremo kuti musadinde filimu. Sindikizani tsambalo pa pepala la A4 mupite nalo kwa akuluakulu a pabanja akuuzeni mayina adakali moyo, kapena litumizeni pa WhatsApp kwa achibale a ku Johannesburg asankhe manambala amene akufuna, amenewo okha ndi omwe musikane pa 2400 kapena 3200 dpi. Mafayilo akhale malo awiri, pa kompyuta ndi pa flash ina.

Manegetivu enieniwo musataye mukasikana. Asungeni pouma ndi pozizira, osati pansi pa bedi pamene chinyezi cha dzinja chimabweretsa nkhungu, osatinso pafupi ndi malata. Envelopu imene mukaitsegula ikununkha ngati viniga, filimu imeneyo yayamba kuwola, ipatuleni kwa inzake ndipo ikhale yoyamba kupita pa sikana sabata ino.