Maluwa a banja la chinanazi akafota, musathamangire kuwataya

Nyumba imene tikukhala ku Zomba tinaipeza ili ndi miphika 6 ya maluwa itaunjikidwa kuseri kwa khitchini. Amene ankakhalamo kale anangoisiya. Masamba ake anali ataliatali, olimba, ena a minga m'mbali, moti ine ndinangoti ndi zinanazi zokanika kubereka. Sindinaphonye kwenikweni. Maluwawa dzina lake ndi bromeliad, ndipo chinanazi cha ku Mulanje chija ndi m'bale wawo, banja limodzi. Kwawo ndi ku South America ndi maiko oyandikana nako, kumene ambiri amamera pa nthambi za mitengo osakhudza dothi n'komwe. Mizu yawo ntchito yake yaikulu ndi kugwirira, kumwa kumabwera pambuyo. Ndikanadziwa zimenezi msanga, bwenzi awiri amene ndinapha ndi manja angawa alipobe.

Ndinawapha pofuna kuwathandiza. Ndinawaika m'dothi la katondo, kusakaniza ndi manyowa a nkhuku, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo ngati mpiru. Patangotha masabata atatu, tsinde linali litafewa ngati nthochi yakupsetsa.

Ndiye inu mukapeza lanu likuoneka lodwala, musayambe ndi kuthirira. Gwirani tsamba la pakati penipeni, mulikoke pang'ono. Likakana, duwalo lili moyo. Likangosolola, kunsi kwake kuli kwakuda ndiponso kukununkha ngati madzi a m'ngalande, ndiye kuti mtima waola ndipo sungachirenso. Komabe musataye mphika wonse. Fukulani masamba a m'munsi muone ngati mulibe ana, timphukira totuluka m'mbali mwa tsinde.

Nkhani ya ana amenewa ndi imene imasokoneza ambiri. Pafupifupi mitundu yonse yodzala pakhomo, monga Guzmania, Aechmea ndi Neoregelia, imachita maluwa kamodzi kokha pa moyo wake. Duwa limakhala miyezi ingapo likukongola, kenako limauma, ndipo mayiyo amayamba kufa pang'onopang'ono, mwina chaka chathunthu. Apa palibe mankhwala, ndiye chilengedwe chake, monga momwe nthochi ikabereka mkoko imasiyira ana ake. Dulani phesi louma la duwalo ndi mpeni wakuthwa, mayiyo mumusiye aziyamwitsa. Mwana akakula kufika pafupifupi theka la msinkhu wa mayi, mudule pafupi ndi tsinde, ndipo zimakhala bwino ngati wayamba kale timizu take. Ine pachilondapo ndimapakapo makala osinja, n'kumusiya pamthunzi tsiku limodzi kuti paume ndisanamudzale. Mukapupuluma n'kuchotsa kamwana kakang'ono, kamangokhala duu, osakula osafa. Ndili nako kamodzi kotero pakhonde, ndimakayang'ana ndi manyazi.

Za dothi, iwalani katondo ndi makande. Kuno makungwa a paini savuta, timakatola kumene amacheka matabwa. Ndimawaphwanya kukhala timagawo ngati mtedza, n'kusakaniza ndi makala ophwanya ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi dothi la masamba owola pang'ono chabe. Muyeso wake ndi uwu: mukathira madzi, azituluka pansi nthawi yomweyo. Akadekha pamwamba, onjezani makungwa. Mphika ukhale waung'ono ndi wobowola pansi, chifukwa waukulu umasunga chinyezi chimene mizu yochepayo singathe kumwa. Musakwirire kwambiri, dothi lingofika polekezera masamba a m'munsi. Likamagwedera, lichirikizeni ndi timitengo mpaka mizu itagwira. Kungoti muzionamo kawirikawiri, chiswe chimakonda makungwa, makamaka mphika ukakhala pa dothi. Anga ndimawaika pa njerwa.

Madzi amamwera pakati. Masamba amakumana n'kupanga kachikho, ndipo m'menemo ndi mothira. Dothilo muzingolinyowetsa likauma. Madzi a mvula ndiwo abwino, a pamjigo ena amasiya zoyera ngati laimu m'masamba. M'kachikhomo madzi asagonemo mpaka kalekale. Kamodzi pa sabata ndimapendeketsa mphika, kukhuthula akale, kutsukuluza, n'kuthira atsopano. Chifukwa choyamba ndi kuola. Chachiwiri ndi udzudzu, umene umaikira mazira m'madzi odekha ngakhale ochepa chotero. Bambo a kunyumba kuno ataona mphutsi zikuvinavina m'kachikho ka Neoregelia, anatsala pang'ono kuwaponya onse kudzala. "Mayi, tikugona m'masikito inu mukuweta udzudzu pakhonde?" Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse ndi lotsukuluza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukazizira ndiponso chiperoni chikamawaza, ndimasiyamo madzi ochepa kwambiri, chifukwa kuzizira ndi madzi odzaza ndi zimene zimaoletsa mtima.

Kuwala kwake, tsamba lenilenilo limakuuzani. A masamba ofewa, obiriwira ndi osalala ngati Guzmania amafuna mthunzi wowala, monga pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mapeyala. A masamba olimba, a minga kapena otuwa ngati owazidwa ufa amapirira dzuwa la m'mawa. Mukaona zigamba zoyera kapena zofiirira zouma pakati pa tsamba, lawauka, ndipo dzuwa la Okutobala ndilo limachita zimenezi m'masiku awiri okha. Tsamba lowauka silibwerera, ingosunthani mphikawo. Masamba akatalika mopyola, n'kutaya kufiira kwake, mthunzi wachuluka. Posamutsa, muzisendeza pang'onopang'ono, osati kuchoka m'chipinda lero mawa pabwalo.

Feteleza safuna wambiri. Ngati muli ndi wosungunula m'madzi, thirani gawo limodzi mwa magawo 4 a muyeso wolembedwa pa paketi, kamodzi pa mwezi nyengo yotentha. Koma yureya kapena wa chimanga uja musayerekeze kumuponya m'kachikho, amawotcha.

Chinanso choopsa ndi mankhwala a kopa amene timapopera tomato. Kopa ndi poizoni kwa maluwa amenewa, choncho sipuleya ya kudimba isawayandikire. Tizilombo timene ndimakumana nato ndi kodikodi, toyera ngati thonje tobisala m'makwawa a masamba, ndi tina tokhala ngati nkhanambo tomamatira kunsi kwa tsamba. Ndimanyika kathonje mu sipiriti n'kupukuta kamodzikamodzi, kenako kutsuka ndi madzi. Mukaona nyerere zikukwera n'kutsika, fufuzani bwino, kawirikawiri zimakhala zikutsata kodikodi. Nkhono ndimangotola madzulo ndi tochi.

Mwana amatenga chaka chimodzi mpaka zitatu kuti achite maluwa. Akakula mokwanira koma n'kumangokhala, pali kanjira kake. Khuthulani madzi m'kachikho, muike mphika wonse m'jumbo yaikulu yoonekera mkati pamodzi ndi apozi wakupsa, mumange, muusiye pamthunzi kwa masiku 7 mpaka 10. Chipatso chakupsa chimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, umene umadzutsa duwa. Padzuwa ayi, mungaliphike. Mukamasula, dikirani miyezi iwiri kapena itatu. Ine ndinayesa pa Aechmea ndi nthochi ziwiri poti apozi anali atakwera mtengo, ndipo duwa la pinki linatuluka litangotsala pang'ono Khirisimasi. Pano m'munsi mwake mwatuluka ana atatu, ndipo wamkuluyo alamu anga anamulembetsa kale.