Momwe mungaonere shoo ya woimba gitala pa foni osaphonya kukoma kwake

Ambiri kuno ku Kasungu timatsegula kanema wa phwando la maimbidwe uku tikusoka fodya kapena tikucheza pa khonde, nyimbo n'kumangodutsa ngati phokoso la basi ya pa M1. Woimba yekha ndi gitala safuna zimenezo. Alibe bandi yomubisa, ndiye chilichonse chili m'manja mwake.

Yambani ndi kutsitsa kanema yense bandulo ikadalipo, makamaka usiku netiweki ikapepuka. Kuonera pa YouTube mwachindunji kumapweteka mtima ngati muli cha ku Chamama kapena ku Santhe, chifukwa chithunzi chimaima pomwe nyimbo yafika pokoma. Tchajiranitu foni.

Kenako pezani mahedifoni, angakhale otchipa a mumsika. Kasipika ka foni kamameza nsambo zikuluzikulu, pomwe mtima wa nyimbo uli momwemo.

Ulendo woyamba onerani yonse osadumpha, ngakhale pomwe akuchuna gitala kapena akuseka ndi anthu. Pamenepo m'pomwe mumamvera chifukwa chake nyimbo yotsatirayo waiyamba mofatsa. Ine ndinkadumpha malo amenewa, ndipo ndinkadabwa kuti anthu akukuwiranji.

Ulendo wachiwiri ndi wa maso, ndipo apa khalanipo. Siyani nkhope, yang'anani dzanja lomwe likuliza nsambo. Chala chachikulu chimagunda nsambo zam'mwamba, kugwira ntchito ya besi, pomwe cha mkombaphala chikutola kanyimbo pa nsambo zing'onozing'ono. Zala ziwiri zokha, koma khutu limamva ngati anthu awiri. Umu ndi momwe ankaimbira malemu Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, yemwe anamwalira mu 1987. Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anamujambula kwa zaka zambiri, ndipo mukapeza makanema amenewo mudzaona munthu mmodzi akuchoka pa sinjonjo kupita pa rumba ndi gitala yomweyo. Wa masiku ano, onani Faith Mussa, yemwe amawonjezerapo mapazi, kuponda ng'oma uku akuimba.

Onaninso kachitsulo kopanira nsambo, kapo. Akakasuntha, dziwani kuti akufuna mawu ake akwere kapena atsike osasintha kagwiridwe ka zala.

Ulendo wachitatu tsinzinani. Mverani pomwe akupumira, pomwe mawu asasa, pomwe nsambo yalira molakwika iye n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ku situdiyo zoterezi amafufuta, ndipo kwa ine amafufutira limodzi ndi moyo wa nyimbo.

Ngati pakhomo pali gitala, ngakhale ya chigubu ya ana, bwezani kanema masekondi 10 mobwerezabwereza, muyese kugunda besiyo ndi chala chachikulu chokha. Chamkombaphala chidikire mawa.