Kuwonjezera masewero mu ligi ya basketball ya makoleji ku Chigwa cha Shire

Musanawonjezere masewero, yambani mwawerengera. Matimu 6 akamakumana pakwawo ndi koyenda, timu iliyonse imasewera ka 10, ligi yonse masewero 30. Mukangolowetsa matimu ena awiri, masewero amafika 56 ndipo timu iliyonse imasewera ka 14. Ku America, ligi ya makoleji yotchedwa Big Ten itakweza masewero a mu ligi a timu iliyonse kuchoka pa 18 kufika pa 20 mu 2018, matimu anachepetsa masewero akunja kwa ligi chifukwa nyengo ya masewero siinatalike. Inunso yambani ndi kuchotsa masewero opimana mphamvu.

Kuno chovuta kwambiri ndi kutentha ndi madzi. Mu Okutobala ndi Novembala simenti ya pabwalo imaotcha, choncho yambani 7 koloko m'mawa kapena 4 koloko madzulo. Masana osewera amatha kukomoka. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, Shire ndi Ruo zikasefukira, ulendo wa ku Makhanga umatha kulephereka. Siyani masabata awiri opanda masewero oti mudzabwezeremo olepherekawo.

Minibasi ndiyo imadya ndalama. Matimu a ku Chikwawa ndi Nchalo akapita ku Bangula kapena Nsanje, asewere Loweruka ndi Lamlungu paulendo umodzi, koma asapitirire masewero awiri. Masabata a mayeso musaikemo chilichonse.