Kaphikidwe ka Shortbread Yopatsa Abale pa Khirisimasi

Ku Scotland, Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zimafika kukuzizira kwambiri, ndipo mabisiketi a shortbread ndi mphatso yodziwika. Muyeso wake ndi magalamu 300 a fulawa, 200 a batala, 100 a shuga ndi kamchere. Majarini ayi, amachepetsa kukoma.

Takasani batala wofewa ndi shuga, thirani fulawa, mukande pang'ono chabe. Mukapyola muyeso pokanda, mabisiketi amalimba. Yalani mtandawo ukhuthale sentimita imodzi, dulani tizidutswa, bayani ndi foloko. Ikani m'firiji mphindi 30, apo ayi batala amasungunuka msanga mu uvuni, mabisiketi n'kuphwatalala.

Phikani pa madigiri 160 kwa mphindi pafupifupi 25, muwatulutse asanafiire. Azizire kaye musanawatsekere m'chitini, chifukwa nthunzi imawafewetsa.