Makala a zinyalala: kapangidwe kake ndi zokapempha ku khonsolo

Zitsononkho, makoko a mtedza, zisenda za nzimbe ndi utuchi wa akalipentala ndi zina mwa zinyalala zimene zimaunjikana m'misika ya Limbe, Ndirande, Bangwe ndi Chirimba, kudikira galimoto yoti izititengere ku mtaya wa ku Mzedi. Thumba lililonse limene gulu lanu lachotsa pamsika n'kusandutsa makala ndi thumba limene khonsolo siliwonongeranso mafuta. Mukamapita kukalankhula ndi akuluakulu, mphamvu yanu ili pamenepo.

Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndiyo imayang'anira misika, kutolera zinyalala, ziphaso za malonda ndi kuvomereza ntchito yoyenera kuchitika pamalo. Magulu ambiri amalemba kalata yopempha ndalama kapena makina, n'kumadikira yankho mpaka kugwa ulesi. Pemphani zimene zili m'manja mwa khonsolo: kangodya pamsika koika matumba osankhira zinyalala, kalata yokulolani kuzitenga, ndi chilolezo cha malo ootchera ndi kuyanikira. Yambani ndi mkulu wa msika ndi komiti yake, kenako khansala wa wodi yanu, ndipo kalata ipite kwa mkulu wa khonsolo ku Civic Centre ku Chichiri. M'kalatamo tchulani matumba angati pa sabata, masiku ati, ndani azinyamula, pa wilibala kapena pa njinga, ndi kumene muziotchera. Kalata yongoti "tikufuna kusamalira chilengedwe" siipatsa munthu pogwira. Sungani kope lodindidwa ndi malisiti onse.

Gulu likhale lolembetsedwa, kaya ngati bizinesi kaya ngati kopaletivi. Mukayamba kusonkhanitsa zinyalala zambiri, kafunseni za chiphaso ku MEPA, bungwe loteteza chilengedwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Kalata ya khonsolo ija ili ndi ntchito inanso. Chiyambire kukhwimitsa lamulo la nkhalango mu 2020, kuotcha makala a mitengo popanda chiphaso ndi mlandu waukulu, ndiye pamsewu muyenera kuonetsa kuti anu achokera ku zinyalala.

Tsopano kapangidwe. Pezani mgolo wachitsulo wa malita 200 umene sunasungepo mankhwala. Boolani pansi mabowo 8 kapena 10 otakata ngati masentimita 3, ndipo pamwamba dulani khomo lalikulu lokhala ndi chivundikiro. Khazikani mgolo pa njerwa zitatu. Imikani mtengo pakati, thirani zitsononkho ndi makoko mozungulira, kenako zulani mtengowo kuti pasale njira ya mpweya. Yatsani kuchokera pansi. Poyamba utsi umatuluka woyera, wambiri, chifukwa ndi chinyezi chikuchoka. Ukayamba kupyapyala, uyatseni pakhomo lapamwamba kuti uyake m'malo mofukira anansi. Malawi akamachepa, vundikirani, chotsani njerwa mosamala mgolo ukhale pansi, ndipo tsekani mipata yonse ndi mchenga kapena dothi. Musatsegule asanathe maola atatu. Mukatsegula kukadali moto, mpweya umalowa ndipo zonse zimasanduka phulusa. Mukatseka msanga kwambiri, zitsononkho zimatuluka zofiirira mkati, ndipo makala ake adzafuka utsi pambaula. Zikayenda bwino, pa makilogalamu 4 a zinthu zouma mumapeza pafupifupi kilogalamu 1 ya makala.

Utuchi umavuta mumgolo. Umaphatikana, mpweya sudutsa, moto umangolambalala m'mbali. Uthireni pang'onopang'ono pakati pa zitsononkho, osaudzaza wokha. Mankhusu a mpunga amapsa ndithu koma amasiya phulusa lochuluka. Majumbo, mabatire, matewera ndi zidutswa za matabwa opaka penti zisalowe n'komwe, chifukwa utsi wake ndi woipa ndipo makalawa akaphikira nsima ya ana. N'chifukwa chake kusankhira pamsika pomwepo kumaposa kukafukula kumtaya, kumene zonse zasakanikirana kale ndiponso zanyowa.

Sinjani makalawo mumtondo kapena muwapondeponde ali m'thumba, n'kusefa ndi sefa wa mabowo aang'ono. Zotsala pamwamba zibwerere mumtondo. Fumbi losalala limagwirana, la mibulu limasweka.

Chomatira chabwino ndi ufa wa chinangwa: kilogalamu 1 pa makilogalamu 10 a fumbi la makala. Sungunulani ufawo m'madzi ozizira pang'ono, thirani m'madzi owira okwana malita 5 kapena 6, ndi kutakasa mpaka phala litanda ndi kuoneka mbee ngati sitachi yochapira. Ufa wosaphika sumata, apa musachite chidule. Thirani phalalo pa fumbi likadali lofunda n'kukanda. Kuti mudziwe ngati zakwanira, fumbatani dzanja limodzi: chibumacho chigwirane, madzi asadonthe pakati pa zala. Chikayoyoka onjezani phala, chikadontha onjezani fumbi. Ena amaika dothi la pachulu pofuna kusunga ufa. Limathandiza kulimbitsa ndi kuchedwetsa moto, koma likachuluka makala amavuta kuyaka, phulusa limatseka mabowo a mbaula, ndipo wogula sabweranso.

Chikombole chosavuta ndi chidutswa cha paipi yachitsulo yotakata masentimita 5, ndi kachitsulo kolowa mkati kokhomera ndi hamala. Owotcherera zitsulo ku Ndirande angakupangireni. Makala oumbidwa ndi manja okha amakhala opepuka, sachedwa kunyeka.

Kuyanika n'kumene kumagwetsa anthu ambiri kuno. Pa dzuwa la Seputembala ndi Okutobala masiku atatu kapena anayi amakwana, koma m'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, sabata imatha mkati mukadali monyowa ngakhale kunja kukuoneka kouma. Yanikani pa thandala, osati pansi, ndipo muziwatembenuza tsiku ndi tsiku. Nthawi ya dzinja pamafunika chisakasa chofolera koma chopita mphepo. Ikani makala khumi pasikelo masiku awiri otsatizana. Kulemera kukasiya kutsika, auma. Kenako gwetsani limodzi pasimenti kuchokera msinkhu wa m'chiuno. Likaphwanyika nyenyenye, phala linachepa kapena simunakhome mokwanira. Oikidwa m'thumba asanaume amachita nkhungu chifukwa cha ufa uja.

Musanatchule mtengo, werengerani ufa, mayendedwe, matumba, chiphaso ndi tsiku la munthu aliyense wogwira ntchito. Ogulitsa m'masitolo ndi m'malo odyera amafuna katundu wodziwika muyezo wake, choncho mukakhazikika tengani zitsanzo ku Malawi Bureau of Standards, komwe likulu lake lili momwe muno mu Blantyre. Wogula aliyense mumuuze kuti makalawa amachedwa kukolera, kuti azigwedeza mbaula phulusa ligwe, ndi kuti asawazimitse ndi madzi chifukwa amasungunuka. Awakwirire ndi phulusa kapena mchenga. Muwauzenso kuti, monga makala ena onse, asawayatse m'nyumba yotseka zitseko ndi mazenera, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo.