Khosi la radiyeta likathyoka pa BMW Z3, guluu musamuganizire

Z3 yomaliza inatuluka m'fakitale ya BMW ku Spartanburg, ku America, mu 2002. Ndiye iliyonse imene mungaione pa M1 denga lili chotsitsa yadutsa zaka 20, ndipo ngati mwini wake sanasinthepo, pulasitiki yonse imene madzi a injini amadutsamo ndi yazaka zomwezo. Ine ndimagwira umakaniko ku Booysens kuno ku Joni, ndipo magalimoto amenewa, pamodzi ndi abale awo a E36 (BMW 3 Series ya m'ma 1990), amabwera ndi matenda amodzimodzi. Mwina khosi lapamwamba la radiyeta, pamene pamalowa paipi yaikulu ya rabala, lathyoka. Mwina chivindikiro chapulasitiki cha thermostat (kavalavu kotsegulira madzi opita ku radiyeta injini ikatentha), chimene timangoti housing, chang'aluka. Pulasitiki ikapsa ndi kuzizira kwa zaka zonsezi imasintha mtundu n'kukhala yofiirira, ndipo mukaikanda ndi chikhadabo imanyenyeka ngati bisiketi.

Abale ambiri amene angoyamba kumene ntchitoyi amathamangira guluu wa epoxy. Ndimawamvetsa, bwana akufuna galimoto yake madzulo omwewo ndipo ndalama akuti alibe. Koma chivindikiro cha thanki ya madzi pa injini zamasilinda 6 zimenezi chimasunga mphamvu ya presha mpaka 2 bar. Mphamvu imeneyo ndi imene imaletsa madzi kuwira. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuno madzi apampopi amawira asanafike n'komwe pa madigiri 100, amawira cha m'ma 94. Thermostat ya injini ya M52, imene ili mu Z3 2.8, imatseguka pa 92. Mukuona kufupika kwake. Guluu akangolekerera pang'ono, mphamvu ija imathawa, madzi amawira nthawi yomweyo, ndipo zimachitika galimoto ili pamzere wa pa N1 kopanda pokhotera. Injini ya Z3 2.8 ndi ya aluminiyamu. Ikatenthetsa kamodzi kokha, mutu wa injini ukhoza kupindika, nthawi zina mazinga a mabawuti a mutuwo amazuka m'buloko. Pamenepo ndalama ya radiyeta imaoneka yochepa kwambiri. Choncho ine khosi lothyoka sindimata, ndimasintha radiyeta yonse, ndipo bwana akakana ndimamuuza mwaulemu kuti ayese garaja ina.

Yambani ntchitoyi injini itazizira kotheratu, makamaka m'mawa itagona usiku wonse. Fufuzani kaye pamene pakudontha. Madzi akauma amasiya zoyera kapena zobiriwira pang'ono zokakamira pachitsulo, ndipo amanunkhira motsekemera. Ngati muli ndi kapampu koyezera mphamvu, kamangeni pakamwa pa thanki, mupope pang'onopang'ono osapitirira mlingo wa chivindikirocho, kenako muunike ndi tochi pansi pa housing ndi m'mbali mwa radiyeta. Mng'alu wina suoneka mpaka mutapopa.

Khuthulani madzi potsegula kachitseko kamene kali pansi pa radiyeta. Tchererani m'beseni, musawasiye ayenderere pabwalo. Antifreeze, mankhwala amene amasakanizidwa m'madziwo, ndi poizoni, ndipo chifukwa chotsekemera agalu amanyambita. M'mayadi a ku Rosettenville ndi Turffontein mmene timakhala mabanja angapo pamodzi, ana amasewera pomwe tikugwirira ntchito, ndiye beseni limenelo livindikiridwe ndipo madziwo apite m'chigubu chotseka.

Tsopano fani. Apa ndi pamene anthu amathera tsiku lonse akulimbana ndi nati imodzi. Nati ya fani ndi ya 32 mm ndipo mazinga ake ndi otembenuza. Mukaima kutsogolo kwa galimoto, imamasuka mukaipotoza cha kumanja, mbali imene mawotchi amayendera, kumene nati zina zonse zimamangira. Pafunika sipanala yopyapyala ndi chitsulo chogwirira pule ya pampu kuti isazungulire. Ngati chogwirira mulibe, siyani lamba ali pomwepo, ikani sipanala, muimenye kamodzi mwamphamvu ndi nyundo. Ikamasuka, tulutsani fani limodzi ndi chimango chake chapulasitiki, mutachotsa kaye timapaipi ndi waya wa pathanki. Fani muiimike chilili pakhoma, ndipo muone mapiko ake ngati alibe ming'alu, poti nawonso ndi azaka zomwezo ndipo phiko likathothoka limaboola radiyeta yatsopano.

Mapaipi a rabala musawakoke molimbana nawo. Masulani kalampu, potozani paipi uku ndi uku mpaka itasiya kukakamira, kenako ituluke yokha. Ngati khosi linathyokera mkati mwa paipi, tokosani zidutswa zonse. Kachidutswa kamodzi kakatsalira kamakatsekereza thermostat.

Housing imagwidwa ndi mabawuti anayi, ndipo pamenepo pamagwiranso kachitsulo konyamulira injini, ndiye kumbukirani mmene kanakhalira. Ikachoka, thermostat imatuluka ndi mphira wake wozungulira. Yeretsani nkhope ya mutu wa injini ndi chopalira chapulasitiki ndi kansalu. Mpeni kapena sikuludiraiva zimakanda aluminiyamu, ndipo mkwasa umodzi umakwanira kuti pazidontha mpaka kalekale. Thermostat yatsopano ili ndi kamuvi, kamuviko kaloze kumwamba kuti mpweya uzitha kutuluka. Mphira wakale musaubwezere ngakhale ukuoneka bwino.

Pa nkhani ya housing ya aluminiyamu anzanga timasiyana maganizo. Ine ndimaikonda chifukwa siuma ndi zaka, koma zotchipa zina zimabwera nkhope yake ili yokhota. Musanaimange, goneketsani rula yachitsulo pankhopepo n'kuyang'ana polowera kuwala. Ngati kuwala kukudutsa pansi pa rula, ibwezeni kusitolo. Yapulasitiki yatsopano ya kampani yodalirika ndi yabwino kuposa ya aluminiyamu yokhota. Mabawuti ang'onoang'ono aja amafuna kumangidwa pa mlingo wa 10 Nm basi. Mangani mosinthanasinthana, pang'ono apa pang'ono apo, chifukwa mukathinitsa mbali imodzi housing imapendama. Injini za M52TU, mtundu wotsatira wa M52, zimene zinayamba kumapeto kwa 1998 zili ndi thermostat yomatirira ku housing yake, yokhala ndi waya wamagetsi, ndiye pa zimenezo mumagula chinthu chimodzi chathunthu.

Poti fani yachoka kale, pampu ya madzi ili pamaso panu. Zakale zambiri zinali ndi mapiko apulasitiki amene amasweka mkati popanda chizindikiro. Masulani manati ake anayi, lowetsani mabawuti awiri a M6 m'mabowo amene ali m'mbali mwake, muwamange mofanana ndipo pampu imadzikankha yokha kutuluka. Thanki ya madzi, chivindikiro chake, mapaipi awiri aakulu ndi kasikuluwu kotulutsira mpweya, zonsezi ine ndimasinthira limodzi. Chatsopano chimodzi chikayamba kusunga mphamvu bwino, chakale chimene chili pafupi ndiye chimaphulika. Mwayi wathu kuno ndi woti E36 inkapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, ndipo zipangizo zambiri za injini ndi zofanana ndi za Z3, motero m'masitolo monga Goldwagen ndi Midas sizivuta kupeza. Tengani nambala ya chassis popita. Za kusikirapu zisiyeni pa ntchito iyi, chifukwa pulasitiki yake ndi yokalamba mofanana ndi imene mwachotsa.

Madzi ake ndi theka antifreeze, theka madzi a distilled, aja timathira m'batire. Injini yonse imamwa malita oposa pang'ono 10. Ena amati kuno kulibe chipale, madzi apampopi akwana. Amene anagonapo m'chipinda chamalata mu June kapena July akudziwa kuti usiku kuno kumazizira mpaka madzi kuundana, komanso antifreeze ndi amene amateteza aluminiyamu kuti isadyeke mkati.

Kutulutsa mpweya ndi kumene kumafuna mtima wodekha. Kwezani kutsogolo kwa galimoto ndi jeke kapena muiimike pokwera, mphuno ili kumtunda. Tembenuzani kiyi osaliza injini, hita muiike potentha kwambiri, mphepo yake pang'ono. Masulani kasikuluwu kamene kali pafupi ndi pakamwa pa thanki, ndipo thirani pang'onopang'ono. Poyamba pazituluka thovu. Pitirizani kuthira, mukufinya paipi yapamwamba ndi dzanja, mpaka patuluke madzi okhaokha. Tsekani kasikuluwuko mopepuka, kamathyoka msanga. Lizani injini, dikirani hita iyambe kuuzira mpweya wotentha. Ikamauzira wozizira injini itatentha, mpweya udakali mkati, zimitsani, idikireni izizire, mubwerezenso.

Geji ya kutentha pa magalimoto amenewa imakhala pakati kwa nthawi yaitali ngakhale kutentha kukusintha, ndiye ikayamba kusuntha dziwani kuti zafika kale patali. Muuzeni bwana mawu awa pomupatsa kiyi: muvi ukangodutsa pakati, aime pambali, azimitse, asatsegule chivindikiro cha thanki, asathire madzi ozizira m'injini yotentha, ayimbe foni. Mawa lake m'mawa, injini isanalizidwe, madzi akhale pamzere wolembedwa KALT pathanki. Akatsika pang'ono muwonjezere. Akatsikanso tsiku lachitatu, bwererani ndi kapampu kaja mukafufuze pamene patsala.