Momwe msana wanga unasiyira kuwawa

Ndikuphunzira zaumoyo mumzinda wa Tete, koma kwathu ndi ku Ulónguè. Chaka chatha msana unandivuta zedi, cham'chiunomu, pamene pali mafupa 5 aja timawaloweza m'kalasi. Manyazi ake! Mayina a mafupawo ndinkawatchula bwinobwino, koma anga akubuula.

Vuto linali kawerengedwe. Chifukwa cha kutentha kwa kuno ndinkawerengera pamphasa, kompyuta ili pamiyendo, khosi lili zyoli mpaka usiku. Mankhwala opha ululu ankangondipumitsa pang'ono.

Ndinabwerera patebulo. Kompyuta ndinaisanjika pa mabuku atatu kuti ilingane ndi maso. Kenako ndinapinda kapulana wa amayi, amene anandimangiramo ufa pobwera, n'kumuika pakati pa mpando ndi chiuno. Foni imalira mphindi 30 zilizonse, ndimadzuka, kudziwongola, kukatunga madzi akumwa.

Chimene chinathandiza kwambiri ndi kuyenda. Ndimakhala ku Matundo, ndiye m'malo mokwera chapa ndimawoloka mlatho wa Samora Machel wapansi, m'mamawa dzuwa lisanakwiye, Zambezi ali phee pansipo. Chikwama ndimachibereka mapewa onse awiri.

Mnzanga wina anayesa zomwezi koma mwendo unkachitabe dzanzi. Ameneyo ndinamuperekeza kuchipatala.